Buku limodzi litikwanira tonse

Pa Ciweru cothera ca mwezi uliwonse, nthawi ikakwana 15 koloko, pa nyumba ina ya ku Chilenje muno mu Lusaka pamasonkhana anthu pansi pa mtengo wa mango. Ena akhala pa mipando, ena pa mphasa, acinyamata pa makreti a zakumwa. Odutsa mumseu amayesa kuti pali maliro kapena mapemphero a mphakati. Koma palibe wolira, palibenso woimba. Munthu mmodzi ali ndi buku m'manja, awerenga mokweza, ena onse achera khutu. Anthu amenewo ndife, ndipo tilipo 14.

Talemba nkhani ino cifukwa kagulu kathu ka owerenga kanatsala pang'ono kufa. Cimene cinakapulumutsa cingathandize inu owerenga amene mufuna kuyamba kotere kwanuko, kaya ndi ku Matero, ku Mtendere, ku Katete kapena ku Chipata.

Tinayamba mu 2023. Ambiri a ife tinadziwana m'cilimba ca mumseu mwathu. Tsiku lina titatha kupatsana ndalama, aphunzitsi ena opuma nchito anafunsa kuti: "Anzanga, ngati tikwanitsa kusonkherana ndalama za mapoto ndi malata, cingatikanike n'ciani kusonkherana za buku?" Tinaseka, koma tinabvomera. Tinapangana kuti aliyense azisonkha K20 pa mwezi. M'kagulumo munalowa aphunzitsi aja, anasi a pa kiliniki, atelala, akalaliki opuma nchito, woyendetsa minibasi, amai awiri ogulitsa pamsika, atsikana awiri amene anatsiriza Giredi 12, ambuya a zaka zoposa 70 ndi ena ocepa.

Ndalama zathu zinali zokwanira buku limodzi cabe. Conco tinaika lamulo lakuti bukulo lizizungulira, munthu aliyense masiku awiri. Anthu 14, masiku awiri-awiri, ndiye kuti masiku 28, mwezi watha. Masamu anali bwino kwambiri. Koma zocitika zinali zina.

Caka ca 2024 cinabwera ndi cilala, madzi anacepa ku Kariba, ndipo malaiti anali kupita maola 17 kapena kuposa pa tsiku. Munthu wofika panyumba usiku atalema sakanatha kuononga kandulo cifukwa ca nthano. Buku linayamba kugona sabata yathunthu pa nyumba imodzi. Tsiku la msonkhano likafika, okamba anali atatu okha, ena onse kumangogwedeza mitu. Mwezi ndi mwezi mipando yopanda anthu inaculuka, mpaka tsiku lina tinapezeka asanu.

Ife otsalawo tinathamangira kuweruza. Tinabwereza mau amene timamva kawirikawiri akuti anthu a mu Zambia sakonda kuwerenga. Koma aphunzitsi anakana. Anati tisanawanene ulesi anzathu, tiyambe tawayendera mmodzi-mmodzi ndi kuwafunsa.

Woyendetsa minibasi anatiuza kuti amacoka panyumba 04 koloko ndi kubwerako 21 koloko. Ambuya anati maso ao saonanso zilembo zing'onozing'ono. Koma yankho limene linatikhazika cete linacokera kwa amai ogulitsa nyemba pamsika. Iwo anati: "Aphunzitsi, musabvutike kundinyengerera. Ine sukulu ndinalekezera Giredi 5. Mabuku anu aja a Cizungu ndinali kuwasunga m'cola masiku awiri, n'kupatsira wina. Pamsonkhano mtima unali m'mwamba kuopa kuti mungandifunse. Mwezi uliwonse ndinali kulipira K20 kuti ndigule manyazi."

Apo ndi pamene tinazindikira kuti colakwa sicinali mwa anthu koma m'lamulo lathu. Tinapanga kagulu koyenera munthu wodziwa Cizungu, wamaso abwino, wokhala ndi nyali ndi nthawi yopuma. Anthu otero mumseu mwathu ndi owerengeka.

Tsono tinasintha. Masiku ano buku silizunguliranso. Likhala pa nyumba imodzi, lokutidwa ndi pepala la khaki, ndipo tiliwerengera pamodzi pa tsiku la msonkhano, dzuwa likali kuwala. Mmodzi awerenga tsamba mokweza. Ngati ndi la Cizungu, wina afotokoza m'Cinyanja zimene zacitika. Amene sanamvetse akweza dzanja ndipo wowerenga aima. Palibe afunsidwa kuti, "Kodi munawerenga?" popeza tonse timva nthawi imodzi. Wofuna kubwereka buku pakati pa mwezi alemba dzina lake m'kope ndi kulibweza pasanathe masiku atatu. Njira imeneyi ndi yocedwa. Buku limene poyamba tinali kunena kuti tatha pa mwezi umodzi, tsopano litenga miyezi inai kapena isanu. Koma onse anabwerera, ndipo okamba saali atatu okha.

Buku loyamba kuliwerenga mwa njira yatsopanoyi linali A Cowrie of Hope, lolembedwa ndi Binwell Sinyangwe wa muno mu Zambia, limene linatuluka mu 2000. Likamba za Nasula, mai wamasiye wa kumudzi wina wa kumpoto kwa dziko lino m'zaka za m'ma 1990. Iye afuna kuti mwana wake wamkazi, Sula, apitirize sukulu, koma ndalama alibe. Atenga thumba lake lotsiriza la nyemba, akwera ulendo wautali kubwera ku Lusaka kudzagulitsa, ndipo pamsika munthu wina wacinyengo amulanda thumbalo osalipira. Mathero ake sitikuuzani, mukadzimvere nokha.

Titafika pa kubedwa kwa nyemba, amai aja a pamsika anaimirira. Munthu amene caka cathunthu sanatsegule pakamwa anakamba pafupifupi theka la ola. Anafotokoza mmene akathyali amazindikirira mlendo wa kumudzi pongoona mmene wagwirira katundu wake, mmene amamulonjezera mtengo wokwera kuti asiyane ndi ogula ena, ndi cifukwa cake wogulitsa wozolowera salola thumba kukwera galimoto ndalama isanafike m'manja. Aphunzitsi, amene bukuli analiwerengapo kawiri, anabvomera kuti tsiku limenelo ndi pamene analimvetsa. Wophunzira anali ndi zilembo, wa pamsika anali ndi nkhani yeniyeniyo. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Atsikana athu awiri anadabwa kuti mai angabvutike cotero cifukwa ca fizi. Iwo anabadwa boma litacotsa kale malipiro a Giredi 1 mpaka 7 mu 2002, ndipo mu 2022 anaona malipiro acotsedwa mpaka Giredi 12 m'masukulu a boma. Akuluakulu anawafotokozera za nthawi imene mwana anali kubwezedwa pa geti cifukwa ca ndalama, ndi mmene makolo ambiri anali kusankhira mwana wamwamuna ndalama zikacepa. Atelala anaonjeza kuti ngakhale lero yunifomu, nsapato ndi makope zikali pa msana wa kholo. Mkangano unakula, thobwa inatha, tinabalalika mdima utagwa.

Koma cimene sitidzaiwala cinacitika pa mbali ina ya bukuli. Mwamuna wa Nasula atamwalira, acibale a mwamunayo anatenga zonse zimene anasiya, mai ndi mwana n'kutsala manja lende. Pamene mau amenewa anali kumasuliridwa, mmodzi wa ife, amene anataya amuna ao miyezi ingapo m'mbuyomo, anayamba kupukuta misozi ndi citenge. Anaulula kuti azilamu ao anali kuwauza kuti acoke m'nyumba pofika kumapeto kwa caka.

Akalaliki opuma nchito anapempha kuti tiike buku pansi. Anatifotokozera za lamulo la mu 1989 lokhudza cuma ca munthu womwalira asanalembe wilo, lochedwa Intestate Succession Act. Lamuloli linagawa cuma motere: magawo 50 pa 100 apita kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndipo 10 kwa ena amene anali kudalira iye. Za nyumba linanena kuti ndi ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapo atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Anacenjezanso kuti lamuloli silikhudza malo a mafumu kumidzi. Mnzathuyo anali asanamvepo zimenezi. Sabata yotsatira awiri a ife tinamuperekeza kukafunsa kwa odziwa malamulo. Pamene tilemba pano akali m'nyumba mwake ndi ana ake. Akanakhala kuti anali yekha ndi buku m'cipinda, akanalira n'kulitseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ena angati kuwerengerana mokweza ndi kwa ana a sukulu. Ife tikana. Akuluakulu a m'kagulu kathu akumbukira bwino m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 pamene Julius Chongo anali kusimba nthano zake pa wailesi m'programu ya Poceza m'Madzulo. Wailesi inali imodzi pa nyumba zingapo, anthu anali kuizungulira, ndipo ikatha programu anali kutsala akutsutsana za amene walakwa m'nthanomo. Kumva nkhani pamodzi ndi mwambo wathu wakale. Ife tangoika buku pamene panali wailesi.

Titatha buku la Cizungu lija, ambuya anadandaula. Anati: "Ana anga, kodi mpaka liti tizimva nkhani kupitira mwa womasulira ngati tili m'khoti? Kulibe buku la cilankhulo cathu?" Tinatuma atsikana kuti akafunefune m'tauni. Anayenda masitolo angapo ndipo anabwerako ndi lipoti lomvetsa cisoni. Za Cinyanja anapeza Baibulo, mabuku a nyimbo za m'chalichi ndi mabuku a ana a pulaimale. Nthano ya munthu wamkulu sanaipeze.

Sizinali tero kale. Mu 1948 kunakhazikitsidwa bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, limene linatulutsa mabuku ambiri m'zilankhulo zathu. Titalandira ufulu mu 1964, nchitoyo inapitirira ndi NECZAM, ndipo amene anaphunzira nthawi imeneyo akumbukira mabuku a Cinyanja amene anali kulembera mayeso. Mu 2014 boma linayamba kuphunzitsa ana a Giredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo za kwao. Ana amenewo anaphunzira kuwerenga Cinyanja, lero ndi anyamata ndi atsikana. Nanga akafika panyumba awerenga ciani?

Cithandizo cinacokera kwa ambuya omwewo. Anatsegula bokosi lacitsulo la malemu amuna ao ndi kutulutsamo Nthondo, buku la Samuel Yosia Ntara, mphunzitsi wa ku Malawi, limene linatuluka koyamba mu 1933 ndi kumasuliridwa m'Cizungu mu 1934. Likamba za moyo wa munthu mmodzi wa kumudzi kuyambira pa kubadwa kwake. Mapepala ake ndi ofiirira, ciswe cinalawako m'mbali, ndipo masamba otsiriza kulibe. Atelala analisoka ndi ulusi wolimba. Pa buku limeneli zinthu zinatembenuka: atsikana a Giredi 12 ndiwo anali kukweza manja kufunsa matanthauzo a mau akale, ndipo ambuya ndiwo anali aphunzitsi.

Tisakunamizeni kuti zonse zili bwino. Ocedwa alipo. Miseche imafuna kulowerera, conco tinapangana kuti maola awiri oyamba ndi a buku, zina pambuyo. Azibambo ena anali kukamba mosalekeza mpaka tinaika lamulo lakuti munthu asakambe kaciwiri ena asanakambepo. Buku lina linabwerekedwa ndi mlendo ndipo silinabwerere, tinataya zosonkha za miyezi iwiri. Nthawi ya mvula tipanikizana m'cipinda cocezera, ena kuimirira pakhomo. Awa ndi mabvuto a kagulu kalikonse, ndipo sanatibalalitse monga mmene manyazi anacitira.

Kwa inu amene mufuna kuyamba, malangizo athu ndi ocepa. Musayembekeze kukhala ndi mabuku ambiri, limodzi likwanira. Sankhani tsiku limodzi losasintha ndipo kumanani masana. Werengani mokweza, masulirani, ndipo musafunse munthu za sukulu imene anafika. Sankhani nkhani imene anthu anu angadzionemo. Itanani wokalamba mmodzi ndi wacinyamata mmodzi, cifukwa aliyense wa iwo adziwa cimene mnzake sadziwa.

Tili ndi pempho kwa inu makolo a ku Eastern Province, a muno mu Lusaka ndi kwina konse. Tsegulani mabokosi ndi masutukesi akale. Ngati muli mabuku a Cinyanja, musayatsire mbaula kapena kukulungira vitumbuwa. Apatseni a pa sukulu, a ku chalichi kapena kagulu ka owerenga ka kwanuko. Osindikiza mabuku naonso amve: ofuna nthano za Cinyanja tilipo, ndipo ndalama tisonkha mwezi ndi mwezi. Ndipo ngati pali wina amene ali ndi Nthondo wathunthu, adziwe kuti ku Chilenje kuli anthu 14 amene afuna kumva masamba otsiriza.

Pa msonkhano wa mwezi watha, aphunzitsi atatsegula buku kuti ayambe, amai a nyemba anatambasula dzanja. Anati: "Bweretsani kuno, aphunzitsi. Ici ndi Cinyanja, lero ndiyeseko ine." Anawerenga ndime imodzi, cala cili pa mzere, akuima pa mau ena ndi kubwereza. Inatenga mphindi zisanu. Palibe anawathandiza, popeza sanapemphe. Atafika pa mapeto anapereka buku kwa mtsikana wokhala pafupi nao ndi kunena kuti mwezi wa mawa adzawerenga tsamba lathunthu.