Mabuku Anayi a Amormoni: Kodi Lalikulu Ndi Liti?

Ambiri a ife amene timapitapita ku Blantyre kapena ku Lilongwe tinawaonapo anyamata oyenda awiriawiri, ovala malaya oyera ndi tayi, kachikwangwani ka dzina kali pachifuwa. Awa ndi amishonale a mpingo umene anthu anazolowera kuutchula kuti wa Amormoni, ngakhale kuti m'chaka cha 2018 mtsogoleri wawo wa nthawi imeneyo, Russell M. Nelson, anapempha kuti dzinali lisiyidwe ndipo anthu azitchula dzina lonse, Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza. Ana athu amene ali kusukulu ndi kuntchito m'tauni amakumana nawo, amalandira mabuku awo, ndipo akabwera kumudzi amatifunsa. Tsono kholo likangoyankha kuti "limenelo ndi Baibulo lawo" ndiye kuti laphonya, pakuti iwo ali ndi mabuku opatulika anayi.

Loyamba ndi Baibulo lomweli la Akhristu. M'Chingerezi mpingowu umasindikiza la King James. Lachiwiri ndi Buku la Mormon, limene Joseph Smith, woyambitsa mpingowu, anasindikiza ku Palmyra, New York, m'chaka cha 1830. Iye anati mngelo wotchedwa Moroni anamuonetsa mbale zagolide zokwiriridwa paphiri, ndipo anazimasulira mwa mphamvu ya Mulungu. Bukuli limasimba za banja la Lehi limene linachoka ku Yerusalemu pafupifupi zaka 600 Yesu asanabadwe n'kuwolokera ku America, ndiponso za Yesu kukaonekera kwa zidzukulu zawo. Lachitatu ndi Doctrine and Covenants, kutanthauza Chiphunzitso ndi Mapangano, la m'chaka cha 1835, ndipo zambiri mmenemo ndi mauthenga amene Smith anati analandira kwa Mulungu pa nkhani za mpingo wake. Lomaliza ndi kabuku kakang'ono kotchedwa Pearl of Great Price, ndiye kuti Ngale ya Mtengo Wapatali, kamene kanasonkhanitsidwa ku Liverpool mu 1851 n'kuvomerezedwa ngati malemba mu 1880.

Nanga mabuku anayi amakhala bwanji m'nyumba imodzi osakangana? Amormoni amati onse ndi mboni za uthenga umodzi. Amakonda kutchula ndodo ziwiri za m'buku la Ezekieli, ya Yuda ndi ya Yosefe, zimene zinaphatikizidwa m'dzanja limodzi: kwa iwo ya Yuda ndi Baibulo, ya Yosefe ndi Buku la Mormon. Akhristu ena amati ndodozo ndi maufumu awiri a Aisraeli basi. Ndipo mu 1982 mpingowu unawonjezera pachikuto cha Buku la Mormon mawu olitchula kuti ndi umboni wina wa Yesu Khristu.

Komatu mbonizi sizilemera mofanana. Mu 1842 Smith analemba mfundo 13 za chikhulupiriro chawo. Yachisanu ndi chitatu imavomera Baibulo kuti ndi mawu a Mulungu, koma pokhapokha pamene lamasuliridwa molondola. Buku la Mormon ilo silinapatsidwe malire amenewo. Iwo amakhulupirira kuti zinthu zina zofunika zinatayika m'Baibulo podutsa m'manja mwa okopera ndi omasulira. N'chifukwa chake kuyambira 1830 mpaka 1833 Smith anakhala pansi n'kumakonza Baibulo, osati poyerekeza ndi mipukutu yakale ya Chiheberi kapena Chigiriki, koma mwa chimene iye anachitcha chivumbulutso. Anasintha mavesi oposa 3,000, kwina anawonjezera machaputala athunthu. Chodabwitsa n'chakuti mpingowu sunatenge Baibulo lokonzedwalo kukhala lowerenga mu tchalitchi. Unangotapamo zigawo ziwiri, Buku la Mose ndi chaputala 24 cha Mateyu, n'kuziika m'kabuku ka Ngale kaja. Zina zinalowa m'mawu am'munsi ndi kumapeto kwa Baibulo limene unasindikiza mu 1979.

Pamene pagona nkhani ndi apa: kwa Amormoni khomo la chivumbulutso silinatsekedwe. Pulezidenti wa mpingo, amene amakhala ku Salt Lake City, amatengedwa ngati mneneri wamoyo, ndipo mu 1980 Ezra Taft Benson, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti, anaphunzitsa poyera kuti mneneri wamoyo ndi wofunika kwa iwo kuposa mabuku anayi aja. Apa ndi pamene Msilamu amasiyana nawo kotheratu. Mawu akuti mabuku akale anasinthidwa ndi manja a anthu si achilendo m'makutu mwathu, koma kwa ife uneneri unathera pa Mtumiki Muhammad (SAW), ndipo palibe shehe kapena mtsogoleri amene angawonjezere ayah pa Qur'an.

Taonani mmene zimenezi zinayendera pa nkhani ya mitala. Buku la Mormon limaletsa mwamuna kukhala ndi akazi oposa mmodzi, kupatula ngati Mulungu atalamula. Chigawo 132 cha Chiphunzitso ndi Mapangano, cholembedwa mu 1843, chinaloleza mitala, ndipo Brigham Young, amene anatsogolera ambiri a iwo kupita ku Utah Smith ataphedwa mu 1844, anali ndi akazi ambirimbiri. Boma la America litawapanikiza, kumanga amuna ndi kulanda katundu wa mpingo, pulezidenti Wilford Woodruff analengeza mu 1890 kuti maukwati otere asiyidwe. Lero wokwatira mitala amachotsedwa mu mpingo. Koma chigawo 132 sichinafufutidwe. Chilipobe m'buku lomwelo limene mulinso chilengezo cha Woodruff, ndipo wotsatira amadziwa choti achite pomvera mtsogoleri wa nthawi yake.

Chilengezo chachiwiri chimatikhudza ife a mu Africa. Kwa zaka zoposa 120 amuna akuda sankaloledwa kukhala ansembe, ndipo ena ankatsamira pa mavesi a m'Buku la Abrahamu, la m'kabuku ka Ngale, poikira kumbuyo lamulolo. Mu June 1978 pulezidenti Spencer W. Kimball analengeza kuti walandira chivumbulutso chochotsa chiletsocho. Kukula kwa mpingowu kuno kwathu kunayamba pambuyo pake.

Buku la Abrahamu lomwelo lili ndi vuto lakelake. Smith anati analimasulira kuchokera ku mipukutu ya ku Egypt imene anagula mu 1835. Zidutswa za mipukutuyo zinapezeka m'nyumba yosungiramo zakale ku New York n'kuperekedwa kwa mpingo mu 1967, ndipo akatswiri oziwerenga anapeza kuti ndi malemba oika pamodzi ndi maliro, osatchula Abrahamu n'komwe. Mpingo unavomereza zimenezi mu 2014, koma ukuti kupatulika kwa bukuli sikudalira zidutswazo. Ife tikuona kuti yankho lotere lingakhutiritse yekhayo amene anakhulupirira kale Smith.

Ngakhale khomo lili lotsegula, zolowa ndi zochepa. Chiphunzitso ndi Mapangano chili ndi zigawo 138, ndipo chomaliza ndi masomphenya a mu 1918. Zimene atsogoleri amalankhula pa msonkhano waukulu wa mu April ndi October zimasindikizidwa ndi kuphunziridwa m'matchalitchi awo, koma sizilowa m'mabuku anayi aja.