MALASHA A KU MOATIZE NDI UFULU WA ENI NTHAKA

Ife okhala ku Manja ndi m'madera ena a Blantyre timaphikira makala ochokera ku Mwanza ndi ku Neno. M'maboma omwewo mumadutsa njanji yonyamula malasha a ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kupita nawo ku Nkaya mpaka ku doko la Nacala. Anthu amene adasamutsidwa kuti malashawo akumbidwe ndi anansi athu, pakuti Tete ndi kwawo kwa Anyungwe, Achewa ndi Angoni, ndipo ambiri a kumeneko adathaŵira kuno pa nthaŵi ya nkhondo. Nkhani yawo ikutifunsa funso lovuta: kodi boma lodzitcha la alimi ndi antchito lingalande bwanji minda ya alimi omwewo?

Tiyambe ndi mbiri. Chipani cha FRELIMO chidatenga ufulu m'chaka cha 1975, ndipo mu 1977 chidalengeza kuti chikutsata Sosholizimu ya Marx ndi Lenin. Nthaka yonse idakhala ya boma. Mafumu adachotsedwa pa mipando yawo chifukwa ambiri ankagwirira ntchito Apwitikizi, ndipo anthu adasonkhanitsidwa m'midzi yatsopano yolima pamodzi. Cholinga chidali chothetsa ukapolo wa atsamunda, koma mudzi udatsala wopanda pakamwa polankhulira. Mu 1989 chipanicho chidasiya chiphunzitso cha Marx. Lamulo la malo la 1997 lidavomereza kuti mudzi uli ndi ufulu pa malo amene wakhala ukulima monga mwa mwambo, ndipo mu 2000 mafumu adayambanso kulemekezedwa. Koma mfundo yakuti mwini nthaka ndi boma sidasinthe.

Mu 2004 kampani ya Vale ya ku Brazil idapatsidwa chilolezo cha mgodi wa Moatize, pamene Brazil ankalamulidwa ndi Lula da Silva wa chipani cha antchito. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 adasamutsidwa m'midzi monga Chipanga ndi Malabwe. Alimi adapita nawo ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tauni ya Moatize. Kumeneko adapeza nyumba zamalata, sukulu ndi chipatala. Koma mitsinje imene ankalimako madimba idatsala kutali, msika udatalikira, ndipo oumba njerwa adasoŵa ntchito. Banja lirilonse lidalonjezedwa mahekitala aŵiri, koma poyamba lidalandira imodzi, nthaka yake mwina yamiyala. M'mwezi wa January 2012 anthuwo adatseka njanji ya malasha, apolisi nkuŵabalalitsa mwankhanza. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan nichoka, koma osamutsidwa aja adatsala ku Cateme.

Zoterezi sizidachitike ku Mozambique kokha. Ku Bolivia, Evo Morales, mwana wa mtundu wa Aymara, adakhazikitsa malamulo a dziko a 2009 opatsa mitundu ya eni nthaka mphamvu yodzilamulira. Komabe mu 2011 apolisi ake adamenya anthu a mitunduyo amene ankaguba pokana mseu wodutsa m'nkhalango yawo ya TIPNIS. Ku Ecuador, Rafael Correa adalola mu 2013 kuti mafuta akumbidwe m'nkhalango ya Yasuní, imene iye mwini adaayesa kuiteteza.

Gwero la zimenezi nlotani? Boma la Sosholizimu limalonjeza sukulu, mankhwala ndi miseu kwa onse, ndipo zonsezi zimalira ndalama zakunja. M'dziko lopanda mafakitale, ndalamazo zimachokera pansi pa nthaka. Tsono boma limaŵerenga motere: mabanja chikwi chimodzi avutike kuti anthu mamiliyoni apindule. Popeza limadziona ngati mau a osauka onse, aliyense wolikana limamuyesa mdani wa chitukuko. Boma lina likalanda munda, mlimi amadziŵa kuti walandidwa. Koma boma la anthu likalanda, limamuuza kuti mundawo wangobwerera kwa mwini wake.

Sitinganene kuti ganizo la bomalo nlopanda pake konse. Chuma cha pansi sichingakhale cha mudzi umodzi wokha, ndipo Eklezia amaphunzitsa kuti zabwino za dziko lapansi Mulungu adazilengera anthu onse. Ngakhale mafumu omwe si onse oyera m'manja: tikudziŵa ena ogulitsa malo a anthu awo mobisa. Koma Eklezia yemweyo amaphunzitsanso, kuyambira pa Papa Pio XI mu 1931, kuti bungwe lalikulu lisalande udindo umene laling'ono lingathe kuusenza. Kwa mlimi, malo si katundu wosinthanitsa ndi malata. Pali manda a makolo, dambwe, ndi dimba limene mai adzasiyira mwana wake wamkazi. Naboti adakanira Ahabu munda wake wamphesa ngakhale mfumuyo idalonjeza wina wabwino koposa, chifukwa udali choloŵa cha makolo. Nchifukwa chake bungwe la United Nations mu 2007, ndiponso Papa Fransisko m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, adatsindika kuti eni nthaka afunsidwe ntchito isanayambe, ndipo mau awo akhale ndi mphamvu.

Chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe. Kuno kwathu mgodi wa Kayelekera ku Karonga udatsegulidwa mu 2009, ndipo maso a makampani ali pa Kangankunde ku Balaka ndi Kasiya ku Lilongwe. Wansembe wa ku parishi yotere ayenera kudziŵa lamulo la malo a makolo la 2016 monga adziŵira katekisimu. Pa msonkhano wa kampani ndi mafumu afunse: amai olima mindayo aitanidwa kodi? Malonjezo alembedwa, ndipo kalata yake asunga ndani? Nanga mudzi ukakana, kukana kwake kudzamveka?