Kulawitsa Filimu: Mmene Trailer Isankhira Anthu Ake

Mayi wogulitsa thobwa pa msika wa Chamama sachulutsa mawu. Amatunga pang'ono m'kachikho, nakupatsani kuti mulawe, ndipo lilime lanu ndilo limatsiriza malonda. Opanga zithunzithunzi, zimene masiku ano tizitcha filimu, nawonso ali ndi kachikho kawo. Filimu isanatuluke, amatapamo tizidutswa, natilumikiza kukhala kafilimu kakafupi, kamene kawirikawiri sikapitirira mphindi ziwiri ndi theka, nakatumiza patsogolo kuti kakaitane anthu. Angerezi amakatcha trailer. M'Chichewa dzina lokhazikika mulibe, chifukwa chake m'nkhani ino tibwereka lawolo.

Liwu limeneli ndi lomwe lija atchulira ngolo yokokedwa ndi thirakitala m'maesiteti a fodya, ndiye kuti chinthu chotsata pambuyo. Woyamba kudziwika ndi ntchitoyi ndi Nils Granlund, amene m'chaka cha 1913 anapangira nyumba za kanema za Marcus Loew ku America kafilimu kolengeza sewero la ku New York. Masiku oyambawo tizidutswa totere ankationetsa filimu yaikulu itatha. Koma anthu ankanyamuka osadikira, kotero eni ake anatisamutsira kutsogolo, ndipo dzina lokha ndilo linatsalira kumbuyo.

Tsono funso lathu nali: kanthu kakafupi chotere kangauze bwanji munthu za filimu ya maola awiri? Yankho ndi lakuti sikafotokoza nkhani yonse ayi. Ntchito yake yoyamba ndiyo kunena mtundu wa nkhaniyo, pakuti munthu akadziwa mtundu, amadziwa ngati nkhaniyo ndi yake kapena ya ena. Zimenezi si zachilendo kwa ife. Agogo akati "Padangotero," ana amayankha "Tili tonse," nakhazikika, podziwa kuti kukubwera nthano ndipo kalulu akhoza kulankhula. Wina akati "Ndagi," omvera amayankha "Gize," nanola nzeru, pakuti chikubwera ndi chilapi. Ngakhale ng'oma itero. Munthu wa kuno ku Kasungu, ali kumunda, amasiyanitsa ng'oma ya chimtali ndi ya kudambwe asanaone wovina ndi mmodzi yemwe, ndipo amadziwa ngati kumeneko ndi koyenera iye kupitako.

Trailer ili ndi ng'oma zakezake, ndipo yaikulu mwa izo ndi nyimbo. Yesani kutseka maso. Mukamva kugunda kofulumira ndi kulira kwa mfuti, mwadziwa kuti ndi ya nkhondo. Mukamva limba loyenda pang'onopang'ono, ndi ya chikondi kapena ya chisoni. Pakakhala chete wautali, kenaka phokoso ladzidzidzi, ndi yoopsa. Pali kaduliridwe ka zithunzi: ya nkhondo imadumpha msangamsanga, diso lisanakhazikike, pamene ya chisoni imachedwa pa nkhope ya munthu kufikira muone misozi. Mdima ndi kuwala nazonso zimalankhula, chimodzimodzi nkhope ya katswiri wodziwika, pakuti mnyamata akangoona Bruce Lee kapena Sylvester Stallone safunsanso kanthu.

Eni nyumba zoonetsera vidiyo m'misika yathu anadziwa nzeru imeneyi popanda kuiphunzira m'buku. Anaika sipika panja, nalemba dzina la filimu ndi choko pa bolodi, ndipo phokoso lotuluka m'nyumbamo linali trailer yokwanira. Zibakera zikamveka ankathamangira ndi anyamata; kukamveka kukangana kwa m'banja ndi kulira kwa m'filimu ya ku Nigeria, ankayandikira ena. Sipika imodzimodziyo inkaitana ena, ndi kuuza ena kuti apitirire.

Apa ndipo pali chinthu chimene ndifuna muchigwire. Trailer simalankhula kwa anthu onse. Wopanga wake amakhala atasankha kale amene afuna kuwakopa, ndipo chilichonse achiikamo, ngakhalenso achisiya, chimatsata kusankha kumeneko. Chitsanzo chabwino tili nacho pakhomo pomwe.

M'chaka cha 2019 munatuluka filimu yotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, yosimba za William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, amene ali mnyamata wa zaka 14 anamanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'njala ya 2001 ndi 2002. Nkhaniyo inayamba kutuluka m'buku limene iye analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, ndipo m'bukumo Chamama yemweyu atchulidwa, pakuti ndiko anapalasira njinga kukafola mzere wa chimanga ku msika wa ADMARC. Filimuyo inajambulidwa m'boma la Kasungu. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, amenenso anasewera monga bambo wa mnyamatayo. William anali Maxwell Simba wa ku Kenya, ndipo mlongo wake anali Lily Banda, mwana wa kuno. Inayamba kuonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America mu Januwale, ndipo pa 1 Malichi inafika pa Netflix.

Trailer yake imayenda m'masitepe atatu, monga zambiri za mtundu wake. Poyamba tiona mnyamata wanzeru ndi wokonda sukulu. Pakati mabvuto achuluka: minda yauma, njala yalowa, ndipo bambo ndi mwana sakumvana. Kumapeto nyimbo ikwera, zithunzi zifulumira, anthu agwirira ntchito pamodzi, ndipo wopenya atsala ndi mtima woyembekeza. Kwa munthu wa ku London kapena ku New York, zizindikiro zimenezi zikunena momveka kuti iyi ndi nkhani yoona ya munthu wogonjetsa mabvuto, yoyenera kuonera banja lonse, ndipo idzatha bwino. Munthu wotere sadziwa kumene kuli Wimbe, ndipo trailer simukakamiza kudziwa. Imangomupatsa zinthu zimene azidziwa kale: mwana, bambo, sukulu ndi chiyembekezo.

Nditaionetsa kwa ophunzira anga, ena mwa iwo ochokera kudera komweko, anaona zina. Mmodzi ankafufuza msewu ndi mapiri ngati angawazindikire. Ena anatchera khutu ku Chichewa cha osewera, naseka, pakuti malilime ena anali olemera. Ndipo simudzaiwala kuti Amalawi ambiri anadandaula za chomwechi filimuyo itatuluka, ngakhale ena anayamikira kuti chilankhulo chathu chamveka m'maiko ambiri. Koma mayi wina wachikulirepo m'kalasimo, amene njala ija inamupeza ali mwana, sanaseke. Iye anati pamene nyimbo imakwera, mtima wake unali udakali pa munda wouma uja. Chimene kwa mlendo chili chopinga cha pakati pa nkhani, kwa iye chinali chaka chimene anthu anadya gaga ndi mizu.

Sindinena kuti trailer ija inanama ayi. Koma kumbukirani mlimi wa fodya popita ku okushoni ya Chinkhoma. Wogula samasula belo lonse. Amasolola masamba owerengeka, naweruza belo lonse ndi amenewo. Mlimi woona mtima amasankha fodya wake kuti wa pamwamba afanane ndi wa m'kati, ndipo wobisa woipa pakati akagwidwa belo lake limabwezedwa. Wopanga trailer ndiye amadzisankhira yekha masamba oti muone, ndipo palibe amene amabweza belo. Tsono m'filimu muja muli zambiri zimene sizigulitsa msanga kwa mlendo: nkhani ya kampani ya fodya yogula mitengo ya anthu, mpungwepungwe wa ndale, ndi Gule Wamkulu pa maliro. Izi ndizo munthu wa ku Chamama akadayamba kuzifunsa. Ngakhale filimu yeniyeniyo inasankhanso: m'menemo makina aja apopa madzi, napulumutsa mudzi ku njala, pamene makina oyamba a Kamkwamba anayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake, ndipo za madzi zinadza patapita zaka. Madzi otumphuka m'munda wouma amakhudza mtima msanga kuposa babu loyaka m'chipinda.

Ena mwa inu adzafunsa kuti, "Nanga mphunzitsi wa pulayimale zimenezi zimukhudza bwanji?" Ana amene mudzawaphunzitsa akuona kale tizithunzi totere pa foni za akulu awo, ndipo si za filimu zokha ayi: olengeza malonda ndi andale amagwiritsa ntchito ng'oma zomwezi. Kale, pamene galimoto za kanema zinkayenda m'midzi ndi mafilimu a Central African Film Unit, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1948, anthu ankaonera chimene abweretseredwa, osasankha. Mwana wa lero amasankha tsiku ndi tsiku, ndipo amasankha mwa kulawa. Timamuphunzitsa kufunsa za ndime ya m'buku kuti akulankhula ndani, ndipo akulankhula kwa yani. Mafunso omwewa ayenera kuwafunsa kwa chithunzi.

Phunziro lake silifuna zipangizo zambiri. Ngati muli ndi foni, imbani trailer ana atafulatira, kuti angomva ndi makutu, ndipo anene mtundu wa filimuyo ndi chimene chawauza. Kenaka ionetseni mutatseka mawu. Pomaliza afunseni kuti wopangayo amaitana yani, ndi chimene akuganiza kuti wasiya. Kumene kulibe foni, tengani nthano imene onse aidziwa, monga ya kalulu pa chitsime. Gawani kalasi pawiri: gulu lina liilengeze m'ziganizo zisanu kwa ana a Sitandade 1 monga nkhani yoseketsa, lina liilengeze kwa akuluakulu monga nkhani ya chilala ndi munthu wokana ntchito ya mudzi. Lamulo ndi limodzi, lakuti asaulule mathero. Akatsiriza, lembani pa bolodi zimene gulu lililonse latola ndi zimene lasiya, ndipo muwafunse chifukwa chake.