Ankhoswe a pachipata cha m'malire

Amene anaonapo banja likugwedezeka amadziwa mmene ankhoswe okhala motalikirana amatopetsera. Mayi apita kwa nkhoswe wakuchikazi, afotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Nkhosweyo amva, ati pitani mukauzenso mnzanga. Mayi ayenda mtunda, apeza wakuchimuna ali kudimba, adikira mpaka dzuwa kupendeka, ndiye ayambirenso nkhani yomwe ija. Akanakhala pamphasa imodzi ankhoswe awiriwo, nkhani ikanakambidwa kamodzi, aliyense n'kumva ndi makutu ake.

Mayiyu ndimamukumbukira ndikaona mndandanda wa mathiraki pa Mwanza kapena pa Dedza. Dziko la Malawi lilibe doko la panyanja yaikulu, choncho feteleza, mafuta agalimoto ndi tirigu zimatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, kenako n'kudutsa m'mayiko a eni. Thiraki yochokera ku Durban imawoloka pa Beitbridge, idzawolokanso pa Nyamapanda kulowa m'Mozambique, ndiye idzafika pa Zobue ndi Mwanza. Malire atatu, koma poima ndi pasanu ndi pamodzi, chifukwa malire aliwonse ali ndi ankhoswe awiri: wa dziko lomwe ukutuluka ndi wa dziko lomwe ukulowa. Aliyense afuna mapepala, aliyense afuna kuona katundu.

Ndipo nkhoswe aliyense sabwera yekha. Kuno kwathu pali a msonkho a MRA, a zolowa ndi kutuluka, a Malawi Bureau of Standards, a zaulimi oona ngati mbewu zilibe tizilombo, a zaumoyo, apolisi. Zili ngati mlandu wabanja womwe atsibweni, azakhali ndi agogo aliyense akufuna kuumvera pakhonde pake. Onsewa ntchito yawo ndi yofunika, sindikufuna mankhwala achinyengo kapena mbewu yodwala ilowe m'dziko. Chondiwawa n'chakuti dalaivala aziyenda khomo ndi khomo ndi mapepala omwewo. Thiraki ikagona pachipata, mwini wake amawerengera tsikulo, ndipo ndalamayo imakatulukira pamtengo wa thumba la feteleza lomwe mlimi wa ku Ntchisi adzagule.

Maboma anaona kuti njira ndi kuyala mphasa imodzi. Zambia ndi Zimbabwe anayamba pa Chirundu mu 2009. Botswana ndi Zambia anachita chimodzimodzi atatsegula mlatho wa Kazungula mu 2021. Ife tinatsatira mu Disembala 2022, pamene Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula chipata choima kamodzi cha Mchinji ndi Mwami. Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Wopita ku Chipata sayimanso mbali ya kuno, amakayima tsidya, komwe ogwira ntchito a mayiko onse awiri akhala m'nyumba imodzi. Wa Malawi amutulutsa, wa Zambia amulandira. Wobwera kuno naye amayima mbali ya Mchinji yokha.

Apa pali mfundo yomwe ambiri saiganizira. Nkhoswe akapita kumudzi kwa eni, sangangoyamba kugamula, amayenera kudziwika kwa mfumu ya kumeneko. Wa msonkho wa Malawi akakhala panthaka ya Zambia, mphamvu yolanda katundu wozembetsa waitenga kuti? Munthu akagwidwa, akazengedwa mlandu kuti? Zimenezi zimafuna pangano la maboma awiri ndi lamulo m'dziko lililonse, ndipo kulemba zimenezi kumavuta kuposa kumanga nyumba. Komabe nkhoswe aliyense amakhalabe wa mbali yake. Palibe dziko lomwe lataya ulamuliro, angogwirizana pokhala.

Palinso nkhani ya chikole. Katundu wopita ku Malawi akamadutsa m'Mozambique salipira msonkho wa kumeneko, popeza ndi wongodutsa. Koma boma la Mozambique lidziwa bwanji kuti sakatsitsidwa ku Tete n'kugulitsidwa mwakabisira? N'chifukwa chake ejenti amapereka chikole kudzera ku banki kapena kampani ya inshuwalansi, kontena imatsekedwa ndi chidindo, ndipo chikolecho chimamasulidwa katundu akatuluka. Dziko lililonse likafuna chikole chakechake, ndalama za wamalonda zimangomangika m'njira. Bungwe la COMESA linakonza chikole chimodzi chovomerezeka m'mayiko angapo, monganso linakonzera Yellow Card, inshuwalansi ya galimoto yomwe umagula kwanu n'kugwira ntchito kwa eni. Vuto lathu n'lakuti Mozambique, komwe kumadutsa katundu wathu wambiri, sali mu COMESA. Timakumana nawo mu SADC, choncho zambiri timayenera kukambirana nawo patokha.

Sikelo nayo imafuna mgwirizano. Ngati ndowa yoyezera chimanga pamsika uno ikusiyana ndi ya msika wotsatira, wogula ndi wogulitsa sangamvane. Thiraki yomwe yapezeka bwinobwino pasikelo ya dziko lina isamadzapezeke yolemera mopitirira ikafika pa Balaka chifukwa choti malamulo asiyana.

Ndimakondwera ndi nyumba zatsopanozi, koma sindikhulupirira kuti nyumba payokha ingafupikitse mndandanda. Ankhoswe akhoza kukhala pamphasa imodzi atafulatirana. Ngati wa mbali ino sakhulupirira zomwe mnzake waona, kontena idzatsegulidwabe kawiri. Ngati kompyuta za a msonkho a mayiko awiriwa sizitumizirana uthenga, mapepala adzalembedwanso pamanja. Ngati mbali ina aweruka msanga kapena netiweki yathawa, onse aima. Izi ndi zomwe aphungu athu ayenera kumafunsa nduna zikamanena za zipata za Mwanza, Dedza ndi Songwe: thiraki ya feteleza ikutha maola angati kuchokera pomwe yafika mpaka pomwe yanyamuka, ndipo ndi ofesi iti yomwe ikuichedwetsa? Madalaivala ophika nsima pambaula m'mbali mwa thiraki zawo yankho lake akulidziwa, ndipo ndi oyenera kuyamba kufunsidwa.