Nyali zonse zili panyanja, msewu uli bii

Usiku wopanda mwezi, munthu akaima pamtunda wa mishoni ya Msumba amaona nyanja ikuyaka. Imayamba nyali imodzi, kenako zisanu, posakhalitsa mzere wonse wa nyali za asodzi a usipa, ngati mudzi wasamukira pamadzi. Akatembenuka kuyang'ana msewu wotsikira ku Chuanga ndi ku Metangula, kuli bii. Komatu mumsewumo muli anthu. Umamva tcheni kulira, belu kamodzi, wina kutsokomola, koma suona kanthu kufikira njinga itakudutsa pamphuno.

Anthu a m'mbali mwa nyanja sasowa wowaphunzitsa ntchito ya kuwala. Siginala, msodzi wa nyali, amadziwa poika nyali pabwato lake kuti usipa usonkhane, amadziwanso nthawi yoitanira a chilimira. Koma usipa womwewo ukachoka pathandala n'kulowa m'dengu, umayenda mumdima pakeliyala ya njinga yopanda nyali, wopalasa atavala jekete yakuda.

Nkhaniyi inandilowa mumtima tsiku lina mwezi wa June. Ndinali pampando wakutsogolo m'chapa yochokera ku Lichinga, ulendo wa makilomita oposa 100 paphula. Tinachedwa kunyamuka, ndipo pomwe timadutsa Maniamba n'kuyamba kutsetsereka mapiri kulowera kunyanja kunali kutada. Kutsogolo kunkabwera lole itayatsa nyali zonse. Tinathobwa m'maso. Loleyo itangodutsa, pamaso pathu panatulukira chinthu chachikulu chakuda, ndipo dalaivala anakhotetsa chiwongolero mwamphamvu moti amayi ena kumbuyo anakuwa dzina la Mulungu. Galasi la m'mbali linakhudza dengu. Tinaima chapatsogolo, mabuleki akununkha.

Anali bambo wachikulire, tsitsi la imvi, akukankha njinga yake m'mphepete mwa phula. Dalaivala anatsika akunjenjemera.

"Bambo, mukufuna kundimangitsa? Inetu sindinakuoneni!"

"Simunandione bwanji, mwana wanga, ndi nyali zonsezi? Ine ndinakuonani mukali kumtunda uko."

Palibe amene ananama. Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Wapanjinga akaona nyali ziwiri zikubwera, msewu wonse ukuwala mpaka tinsangalabwi tikuoneka, mtima wake umamuuza kuti nayenso akuoneka. Koma kuwala kumene iye akukuona kukuchoka pagalimoto kubwera kwa iye. Kuti dalaivala amuone, kuwalako kuyenera kumugunda ndi kubwerera komwe kwachokera, ndipo nsalu yakuda imameza pafupifupi konse. Ofufuza a ku Queensland University of Technology ku Australia, motsogozedwa ndi Joanne Wood, atafunsa okwera njinga ndi madalaivala, anapeza kuti apanjinga ankakhulupirira kuti amaoneka patali kuposa kawiri mtunda umene madalaivala ankatchula. Bambo wa dengu uja sanali wopusa. Maso ake ankamunamiza monga amanamizira aliyense.

Ku Msumba njinga si chinthu cholimbitsira thupi. Kale, m'masiku a William Percival Johnson ndi amishoni anzake a UMCA, amene anayamba ntchito ya mpingo wa Anglican m'gombe lino m'zaka za m'ma 1880, msewu waukulu unali nyanja: bwato ndi sitima. Lero katundu wambiri wa tsiku ndi tsiku amayenda pamatayala awiri. Nkhondo itatha mu 1992, njinga zinachuluka m'midzi ya Mozambique moti mu 2008 Joseph Hanlon ndi Teresa Smart analemba buku lonse lofunsa ngati kuchuluka kwa njinga n'chimodzimodzi ndi chitukuko. Funso lawo likadalipo, koma kwa mwini njingayo yankho n'lapafupi: ndiyo imanyamula usipa, chinangwa, makala, malata, mwana wa sukulu, ndi mayi amene matenda amuyamba usiku.

Ndipo maulendo amenewa sasankha dzuwa. Wofuna kukapeza malo abwino pamsika wa Metangula amanyamuka m'bandakucha. Wogulitsa amadikira kuti katundu athe asanabwerere. M'mwezi wa June dzuwa kuno limalowa hafu pasiti faifi isanakwane, ndipo chisisira chake n'chachifupi. Pakangodutsa mphindi 25, ulusi woyera ndi wakuda sungazisiyanitse. Munthu amachoka pamsika kukuoneka bwinobwino, mdima n'kumupeza ali pakati pa ulendo.

Nanga bwanji zovala zakuda? Amene amafunsa funsoli mokalipa nthawi zambiri sanapalasepo njinga m'fumbi. M'nyengo ya mwera mphepo imalowa mpaka m'mafupa, ndipo majekete ofunda a pakaunjika, amene kuno amati kalamidade, ambiri ndi akuda, abuluu wakuda kapena otuwa. Chovala chakuda chimabisa fumbi, girisi wa tcheni ndi madzi a nsomba. Choyera chimafuna sopo tsiku lililonse, ndipo sopo ndi ndalama. Mwamuna amene ali ndi jekete imodzi yopitira kumaliro, kutchalitchi ndi kumsika sangasankhe yachikasu. Ine sindingamuloze chala.

Koma nayi mfundo imene inandidabwitsa, ndipo ndi imene yandilembetsa nkhaniyi: usiku, mtundu wa chovala si umene umapulumutsa munthu kwenikweni. Gulu la Wood lomwelo linayesa zimenezi pamsewu wotsekedwa, ndi madalaivala enieni ndi apanjinga enieni, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Wovala zakuda madalaivala ankamuzindikira atatsala mamita pafupifupi 20. Wovala vesiti ya malifulekita, mamita 38. Koma amene pamwamba pa vesitiyo anamanganso timalamba tonyezimira m'mawondo ndi mu akakolo ankazindikiridwa pa mamita pafupifupi 118. Timalamba tochepa chabe tinachulukitsa mtundawo katatu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akaona chinthu mosayembekezera, pamapita sekondi imodzi kapena kupitirira phazi lisanafike pabuleki. Ndiye kuti mamita 20 aja amatha mabuleki asanayambe n'kugwira komwe. Pa mamita 118 dalaivala ali ndi masekondi asanu ndi awiri: nthawi yokwanira kuchepetsa liwiro, kuimba hutala ndi kupatuka.

Chinsinsi cha akakolo chili m'ubongo wa munthu. Mu 1973 katswiri wa ku Sweden, Gunnar Johansson, anaika timagetsi m'mfundo za thupi la munthu, m'mawondo, m'zigongono ndi mu akakolo, n'kumujambula akuyenda mumdima. Oonerera sankaona thupi, ankangoona timadontho towala, koma timadonthoto tikangoyamba kuyenda ankadziwa pompo kuti uyu ndi munthu. Kadontho kamodzi kowala kongoima pamsewu kakhoza kukhala chikwangwani, botolo kapena diso la mbuzi. Timadontho tiwiri tokwera ndi kutsika mosinthana si kanthu kena koma miyendo yopalasa. Komanso nyali za galimoto zikadimidwa zimaloza pansi, choncho zimayamba kugunda mapazi zisanafike pachifuwa.

Kwa ife kuno pali chifukwa china chimene a ku Australia sanachiganizire, poti njinga zawo sizinyamula thumba la makala. Imani kumbuyo kwa wapanjinga wochokera kugombe mumuyang'ane. Msana wake suoneka. Wabisika kuseri kwa dengu, matumba awiri, kapena mtolo wa nkhuni wopingasa. Angavale vesiti yowala chotani, katunduyo waiphimba. Zooneka ndi miyendo yokha, uku ndi uku, pansi pa katundu.

Chomvetsa chisoni n'chakuti njinga zambiri zimachoka m'sitolo zili ndi zonsezi. Mapedulo ake amakhala ndi malifulekita achikasu, kumadigadi akumbuyo kuli kofiira, ndipo njinga zakale zija za Humber ndi Raleigh zinkapakidwa penti yoyera kumchira kwa madigadi. Pitani kwa wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo wa mango muone chimene chimatsala pakatha chaka. Mphira za mapedulo zinathothoka, patsala kachitsulo kosalala kamene phazi laterereka nako mpaka kakuwala. Madigadi anachotsedwa chifukwa ankakhula tayala. Dayinamo inachotsedwa chifukwa imalemeretsa njinga pachitunda ndipo imadya tayala m'mbali. Mwini njinga amagula zimene zimaiyendetsa: chubu, sipoko, tcheni. Zimene zimaionetsa amati adzagula mawa. Ena amamangirira CD yakale kumbuyo. Nzeru yake ndi yabwino, koma CD ili ngati kalilole, imataya kuwala kumbali. Lifulekita yeniyeni ili ndi timikanda tagalasi kapena timakona ting'onoting'ono tobweza kuwala komwe kwachokera, m'maso mwa dalaivala.

Chovala chowala chili ndi ntchito yake, koma masana. Ku Denmark, Harry Lahrmann ndi anzake a ku Aalborg University anatsatira apanjinga 6,793 kwa chaka chathunthu, theka atapatsidwa jekete yachikasu chowala, theka ayi. Ovala jekete anakumana ndi ngozi zovulaza zocheperapo ndi 47 peresenti pa ngozi zowombana ndi ena. Chikasu chotere chimawala chifukwa cha cheza china cha dzuwa chimene maso sachiona. Nyali za galimoto zilibe cheza chimenecho chokwanira, motero dzuwa likalowa, vesiti yachikasu yopanda mizere yonyezimira imasanduka nsalu wamba. Ambiri amene amaivala usiku amadzimva otetezeka pamene sali otetezeka.

Pano ndiyenera kunena mbali ina, chifukwa nkhani ya zovala imakoma kwambiri m'kamwa mwa amene ali ndi galimoto. Ngozi ikachitika mawu oyamba amakhala akuti "anavala zakuda", ndipo mlandu umathera pa womwalirayo. Ian Walker, ali ku University of Bath ku England, anachita kafukufuku ndi anzake: mmodzi wa iwo anayenda panjinga atavala zovala zosiyanasiyana, akuyeza mpata umene magalimoto ankamusiyira pomupitirira. Anapeza kuti chovala sichinasinthe zambiri, ndipo madalaivala ena ochepa ankamudutsa pafupi moopsa kaya wavala chiyani. Amenewo ankamuona bwinobwino. Dalaivala amene akuthamanga liwiro loti sangathe kuima mkati mwa mtunda umene nyali zake zikuunika akuyendetsa mwa lotale, ndipo lotale yake akubetcha moyo wa mnzake. Lole ya diso limodzi, galasi long'aluka lodzaza fumbi, kukana kudima nyali, kachasu wa pasiteji: zonsezi si mlandu wa jekete yakuda.

Bungwe la World Health Organization, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamisewu chaka chilichonse, oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, ndipo Africa ndi kumene chiopsezo chili chachikulu kuposa kwina konse. Malamulo a pamsewu a Mozambique a mu 2011 amalamula kuti m'galimoto mukhale vesiti ya malifulekita, kuti dalaivala akatsika kusintha tayala aoneke. Lamulolo ndi labwino. Koma taganizani: vesiti ili gone pansi pa mpando wa munthu amene angaime pamsewu kamodzi pachaka, pamene amene amakhala pamsewupo usiku uliwonse alibe. A kabaza ambiri a ku Malawi anazolowera kale kuvala mavesiti, makamaka kumene ali m'magulu. Wapanjinga wa ku Msumba alibe gulu. Ali ndi mpingo, mzikiti, komiti ya pagombe ndi mfumu, ndipo ndikukhulupirira kuti nkhaniyi ikanenedwa m'malo amenewa ingamveke msanga kuposa pa lodibuloko.

Lifulekita nayo ili ndi malire. Siwala yokha, imadikira nyali ya wina. Pamsewu wafumbi wopita ku Cobué, kumene magalimoto ndi ochepa, ngozi yapafupi ndi njinga kugundana ndi njinga inzake kapena kugunda mwana woyenda pansi, ndipo pamenepo pofunika tochi, ngakhale ya sola yomangirira pahandulo ndi mphira ya chubu. Fumbi likakuta lifulekita imafa, choncho imafuna kupukuta.

Nditabwerera ku Lichinga ndinagula vesiti imodzi pamsika. Telala wa pakhonde anasola mizere yake yonyezimira, naidula, naisokera pa tinsalu tokhala ndi zingwe zomangira. Munatuluka timalamba tokwanira anthu awiri, ndi kachidutswa kena komangirira padengu. Tiwiri ndinapatsa amalume anga, amene amapalasa kupita ku Metangula kangapo pamlungu. Anatitembenuzatembenuza m'manja osakhutira, chifukwa masana timaoneka totuwa ngati nsanza.

Tinadikira kuti kude, n'kupita pabwalo la mpira. Ndinagwira tochi pafupi ndi diso, pambali pa tsaya, pakuti ukaigwirira m'chiuno kuwala kobwerera kumakuphonya. Amalume anakwera njinga, jekete yawo yakuda yomwe ija, n'kuyamba kupalasa kulowera kugolo lakutali. Thupi lawo linasowa msanga, njinganso inasowa. Panatsala timoto tiwiri toyera, kena kakukwera kena kakutsika. Ana amene anatitsatira anasiya phokoso.

"Ukundionabe, mphwanga?" anakuwa ali kutsidya kwa bwalo.

"Ndikukuonani, amalume. Pitirirani."