Nyumba Yabwino, Gawo 4: Kuyeza Makwerero

Phazi la munthu lili ndi nzeru zakezake. Likaponda sitepe yoyamba ndi yachiŵiri, limaloŵeza msinkhu wake, ndipo kuyambira pamenepo limangodzikwerera lokha, mwini wake maganizo ali kwina. Tsono pakapezeka sitepe imodzi yosiyana msinkhu ndi zinzake, phazi limanyengeka, munthu nkupunthwa. Ogwa kaŵirikaŵiri ndi okalamba, ana, ndi amene asenza katundu wowatseka maso. Paja akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Popeza nyumba zosanja zikunka zichuluka ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, nkoyenera kuti eni nyumba ndi achinyamata ofuna ntchito ya zomangamanga adziŵe kayezedwe ka makwerero. Nzeru imeneyi ndi yakalekale. M'chaka cha 1675 katswiri wa zomanga wa ku France, François Blondel, anaphunzitsa kuti makwerero ayenera kutsata kayendedwe ka munthu. Lamulo lake linali lakuti msinkhu wa sitepe kuuŵerenga kaŵiri, nkuphatikizapo kukula kwa popondapo, zifanane ndi mtunda umene munthu amaponya phazi poyenda, pafupifupi masentimita 65.

Malamulo a zomanga a ku England, olembedwa m'buku lotchedwa Approved Document K, akusungabe nzeru yomweyo. M'nyumba yogonamo, kuphatikiza kuja kuyenera kugwa pakati pa mamilimita 550 ndi 700. Sitepe isatalike kupitirira mamilimita 220, ndipo popondapo pasachepere mamilimita 220. Pamwamba pa mutu patsale mpata wa mamita 2. Chogwirira chikhale pa msinkhu wa mamilimita 900 mpaka 1,000, ndipo mipata ya m'chitetezo cha m'mbali isalole mpira wa mamilimita 100 kupyola, kuopa kuti mwana angaloŵetsemo mutu. Nako ku America, malamulo amene madera ambiri amatsata salola sitepe yaitali kuposa yaifupi ndi mamilimita opitirira 9.5.

Ntchito yoyezayi sifuna zida zambiri: tepi, levulo, pensulo ndi kope basi. Woyeza ayambe ndi mtunda wochokera pansi kufika pa chipinda cham'mwamba. Ngati ndi mamilimita 2,800, masitepe 16 a mamilimita 175 akwana ndendende. Popondapo pakakhala pa mamilimita 270, masamu a Blondel apereka 620, ndipo makwererowo ndi okwereka bwino. Kenaka ayeze sitepe iliyonse payokhapayokha, nalemba, osangoyeza imodzi nkukhulupirira kuti zinazo nchimodzimodzi.

Maso akhale makamaka pa sitepe yoyamba ndi yomaliza, pakuti cholakwa chimakonda kubisala pamenepo. Mmisiri angaumbe makwerero ofanana bwinobwino, koma pambuyo pake wina akathira simenti ina pansi nayala matailosi, sitepe yoyamba imafupika. Akachitanso zomwezo m'mwamba, yomaliza imatalika. Nchifukwa chake womanga wanzeru amaŵerengeratu kuchindikala kwa matailosi asanakhome matabwa othiramo konkire.

Miyezo ya ku England si lamulo la ku Malaŵi. Ofuna kumanga mu mzinda atengere pulani yawo ku khonsolo kuti ikavomerezedwe, nafunsenso kumeneko miyezo yoyenera kutsata. Koma chachikulu ndi kuyeza konkire isanathiridwe. Thabwa lolakwika limazulidwa tsiku lomwelo. Konkire ikauma imafuna nyundo ndi ndalama, ndipo ikasiyidwa choncho, banja lidzaiponda zaka zonse, usana ndi usiku womwe.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za mazenera ndi kayendedwe ka mpweya m'nyumba.