Kamchira ka pa U kamene kakadawaluzitsa amalume

Tchuthi chapitachi amalume anga anafika kunyumba nkhope ili gwaa, m'thumba muli kampango komanga mfundo. Atamasula, munatuluka makobidi awiri akuluakulu asiliva omwe anagula akugwira ntchito ku America. Amafuna awagulitse kuti apeze fizi ya mwana wawo wa Fomu 3, koma wogula wina m'tauni anawauza kuti limodzi ndi lafeki, ndiye angolitenga pa mtengo wozizira.

"Taona wekha mphwanga," anatero amalume. "Akuti zilembo zake sizikufanana."

Ndinatenga galasi lokulitsa zinthu. Wogula uja sananame: pa kobidi la 2007, U wa mawu oti UNITED anali wosalala ngati kapu yopanda chogwirira. Pa la 2008, U anali ndi kamchira pansi chakumanja. Funso linali lakuti: kodi kusiyana kwa chilembo ndi umboni wa chinyengo?

Tiyambe ndi kobidi lenilenilo. Dzina lake ndi American Silver Eagle, ndipo fakitale ya ndalama ya boma la America, United States Mint, inayamba kulisula mu 1986. Palembedwa kuti ndi dola imodzi, koma palibe amene angagulire buledi, chifukwa siliva wake ndi wodula kuposa dolayo kutalitali. Anthu amaligula ngati njira yosungira chuma. Lili ndi siliva wokwana 99.9 peresenti, limalemera magalamu 31.1, m'mimba mwake ndi mamilimita 40.6, ndipo kuchindikala kwake ndi pafupifupi mamilimita 3. Kutsogolo kuli mayi akuyenda chakotuluka dzuwa, chithunzi chomwe Adolph Weinman anakonzera kobidi la theka la dola mu 1916. Kumbuyo, kuyambira 1986 mpaka 2021, kunali chiwombankhanga chokhala ndi chishango pachifuwa, ntchito ya John Mercanti.

Nanga zilembo zimafika bwanji pa kobidi? Ganizirani chidindo cha ahedi chomwe amamenya pa lipoti lanu. Mukachiyang'ana, zilembo zake n'zotembenuka ngati pa kalilole, koma pa pepala zimatuluka bwinobwino. Kobidi nalo ndi choncho. Kachitsulo kozungulira kopanda kanthu kamaikidwa pakati pa zidindo ziwiri zachitsulo cholimba, china cha kutsogolo china cha kumbuyo, makina n'kukanikiza mwamphamvu. Siliva ndi wofewa, choncho amalowa m'timaenje tonse ta chidindo n'kutuluka ndi chithunzi chotukuka.

Zidindozi zimatha, ndiye pamafunika zambiri. Zonse zimadindidwa kuchokera ku chitsulo chimodzi chomwe pa Chingerezi amati hub. Tingoti ndiye mayi wa zidindo. Mukasintha kanthu pa mayiyo, ana onse amabadwa nako. Izi n'zomwe zinachitika mu 2008: fakitale ija inakonzanso hub, zilembo zinasinthidwa pang'ono, ndipo U anapeza kamchira kake. Choncho U wosalala pa kobidi la 2007 ndi wolondola, U wa kamchira pa la 2008 nayenso ndi wolondola. Makobidi a amalume anali ngati ana awiri a sukulu imodzi, wina atavala yunifolomu yakale wina yatsopano.

Koma pali nkhani ina yokoma. M'chaka chomwecho cha 2008, ku fakitale ya West Point anaphonya: anaphatikiza chidindo cha kutsogolo cha 2008 ndi cha kumbuyo chakale cha 2007. Panatuluka makobidi pafupifupi 47,000 olembedwa 2008 koma okhala ndi U wosalala. Anali a mtundu womwe amagulitsa kwa anthu osonkhanitsa makobidi, okhala ndi chilembo W kumbuyo. Lero amagulidwa pa mtengo wokwera kwambiri kuposa siliva wake. Mwaonatu? Kusiyana komwe wina angati ndi ufeki, nthawi zina ndiye kumakweza mtengo.

Mu 2021 kusintha kunali kwakukulu. Pakati pa chaka, chiwombankhanga cha Mercanti chinapuma, n'kubwera cha Emily Damstra, chomwe chikutera chitanyamula nthambi. Ndiye pali makobidi a 2021 amitundu iwiri, onse enieni. M'mphepete mwa atsopanowo, momwe muli timizere ngati mano a chipeso, anasiya dala kampata kamodzi kuti achinyengo avutike. Dziko la Canada nalo linachita zofanana ndi kobidi lake la Silver Maple Leaf: kuyambira 2014 lili ndi timizere towirira totuluka pakati, komanso katsamba kakang'ono kojambulidwa ndi laser komwe mkati mwake muli manambala awiri otsiriza a chaka. Ngakhale kwathu kuno ndalama zimasintha nkhope. Funsani agogo za matambala okhala ndi nkhope ya Kamuzu.

Zonsezi ndinawafotokozera amalume, koma anapukusa mutu. "Ukunena zoona mphwanga, koma nanga wachinyengo sangakopere kamchirako?"

Funso labwino zedi, ndipo yankho lake ndi Fizikisi ya Fomu 2. Chilembo angakopere, koma density ya siliva ndi yovuta kuinamiza. Siliva wokwana 1 cm³ amalemera magalamu 10.49, pomwe mkuwa ndi magalamu 8.96 okha. Gawani 31.1 ndi 10.49, mupeza kuti kobidi lenileni limatenga malo okwana 2.96 cm³. La mkuwa wokutidwa ndi siliva, lolemera chimodzimodzi, lingatenge 3.47 cm³. Wachinyengo ali pa mpanipani: akalondoloza kulemera, kobidi linenepa, akalondoloza kukula, lipepuka.

Tinapita ku labu ya pasukulu pathu. Poyamba tinayeza kobidi lililonse pa sikelo ya manambala. Kenako tinaika bika ya madzi pa sikeloyo, n'kuibweza pa ziro. Tinamanga kobidi ndi ulusi n'kulimiza m'madzi lili lende, osakhudza pansi kapena m'mbali. Malinga ndi lamulo la Archimedes, nambala yomwe sikelo ikuonetsa ndi kulemera kwa madzi omwe kobidi lakankha, ndipo poti 1 cm³ ya madzi ndi galamu imodzi, nambalayo ndiye voliyumu yake. Onse awiri anaonetsa pafupifupi 3.0. Tikagawa kulemera ndi voliyumu, tinali pafupi ndi 10.5. Tinayesanso maginito: siliva sakokedwa, ndipo palibe lomwe linamata.

Chenjezo: muyeso umodzi sukwana. Mkuwa nawo sukokedwa ndi maginito, ndipo wina akhoza kusakaniza zitsulo, monga mtovu womwe ndi wolemera kuposa siliva, kuti density iyandikire. N'chifukwa chake timaphatikiza zonse: chithunzi ndi zilembo zoyenera chakacho, kulemera, kukula, kuchindikala ndi density. Komanso musalikweche kobidi ndi phulusa kapena sitiliwulu kuti liwale, mumangoligwetsa mtengo.

Amalume anabwerera m'tauni ndi kapepala ka manambala athu, n'kupita kwa wogula wina. Makobidi onse anagulidwa pa mtengo wofanana, ndipo msuweni wanga ali m'kalasi teremu ino.

Ntchito yanu ndi iyi: pezani makobidi awiri a mtengo umodzi koma a zaka zosiyana, ngakhale a kwacha omwewa. Ayang'aneni ndi galasi, lembani zosiyana zonse, kenako pemphani aphunzitsi a sayansi kuti muwayeze m'madzi. Mundiuze zomwe mwapeza.